Ba Mwikisa Bazima

Alozi amakonda kulankhula, apa sindikunamizira munthu. Ine ndine Mtonga, Bina Twaambo, ndipo pa chimbuya chathu, ubale wa nthabwala wa Atonga ndi Alozi, ndili ndi ufulu wonena Mlozi aliyense mmene ndifunira, iye n'kungoseka. Koma neba wanga wa ku Libuyu kuno ku Livingstone, Ba Mwikisa, anapitirira muyezo ngakhale wa Alozi anzawo.

Mdalayu anapuma ntchito ku njanji, mkazi wawo anamwalira kalekale, ndipo ntchito imene anadzilemba okha inali yotuma foni ku wailesi. Pulogalamu ya m'mawa ija imene anthu amadandaulirapo za madzi ndi maenje a mumsewu ikangoyamba, mumamva kuti, "Ni Ba Mwikisa, nikutumilani kuchoka ku Libuyu." Njovu zikadya chimanga cha munthu, Ba Mwikisa ali ndi mawu. Malaiti akapita, ali ndi mawu. Tsiku lina anadzudzula anyani a ku boda ati alibe mwambo chifukwa makolo awo sanapite ku sukulu ya mishoni. Muulutsi wa pulogalamuyo, Mapenzi, ankayesetsa kuwadula, koma ungamudule pati munthu wosaima n'kupuma komwe?

Mwana wawo Sibeso, amene amalandira alendo pa loji ina kumtsinje, anapeza mwamuna. Dzina lake Lweendo Muleya, wa ku Highlands, wofatsa ngati ng'ombe ya pangolo. Vuto linali amayi ake. Bamake Lweendo anali ahedi a sukulu asanapume, ndipo mpaka lero amayang'ana munthu aliyense ngati wafika mochedwa.

Ba Mwikisa anakacheza ku Highlands kamodzi kokha. M'mawa mwake tauni yonse inamva pa wailesi kuti kumeneko kuli nyumba ina imene galu amagona pa kapeti, alendo amamwera tiyi m'timakapu ta mankhwala a chifuwa, ndipo buledi amamudula mopyapyala moti ukhoza kuwerengera nyuzi kuseri kwake. Dzina sanatchule, zimenezo ndiwaikire umboni. Anangoti geti yake ndi yobiriwira ndipo mayi wa panyumbapo anali ahedi.

Bamake Lweendo anaitanitsa Sibeso. Anamuuza mosakweza mawu kuti banja lawo likangomvekanso pa wailesi, kaya motamandidwa kaya monyozedwa, ukwati palibe. Iwo sangachite chibale ndi sipika.

Sibeso anabwera kwa ine maso ali psuu kufiira. Ndinamumvera chisoni kwambiri, mwana uja ndinamuona akukwawa.

"Bakambileniko, Bina Twaambo," anatero. "Kapena imwe bangamvele."

"Atate ako bamvela ndani? Na dokota bamamuuza mankhwala yolemba."

"Manje nichite bwanji?"

"Ibise foni."

"Bazagula ina. Bazagulitsa na njinga."

Zotsatirazo anaganiza yekha, wina asadzati ndinamutuma ndine. Madzulo ake anabwereka foni ya atate ake ati aikemo tokutaimu, mayunitsi aja. Analowa m'kati mwa masetingi n'kutseka mafoni onse otuluka, n'kukhoma ndi nambala yachinsinsi. Foni ija inatsala yolandira chabe. Wina akaitumira inkalira bwinobwino. Eni ake akati atume, kamzimayi ka mufoni kankangolankhula chizungu chake n'kudula.

Kutacha ndinawaona akulimbana nayo pabwalo. Anaizimitsa n'kuiyatsa. Anachotsa batire n'kuipukuta pa thalauza. Kenako anakwera pa mulu wa njerwa kuseri kwa chimbudzi, dzanja lili m'mwamba ngati akulumbira kukhoti. Pa wailesi n'kuti anthu akukangana za mtengo wa makala, nkhani imene Ba Mwikisa anali nayo maganizo odzaza thumba.

Sibeso anagwada chapatali, maso pansi. "Ni netiweki, bo ndate. Bakonza."

"Netiweki ya ine neka?"

"Imachitika."

Mdala anamuyang'ana nthawi yaitali n'kungoti, "Oho."

Anabwera kudzabwereka foni yanga. Ndinawauza kuti foni ya Mtonga simva Silozi. Anayesa makomo ena a mumzere wathu, koma konseko Sibeso anali atagwadako kale, moti aliyense foni yake inali itangotha moto.

Masiku anapita, pulogalamu inayamba kusukuluka. Anthu ankatuma, kunena dandaulo lawo mwaulemu n'kuthokoza, zogonetsa tulo zokhazokha. Lachinayi ndili pa msika wa Libuyu ndikusankha tinsomba ta kapenta, mayi wogulitsayo anandifunsa, "Nanga ba neba banu bali kuti? Sitibamvela masiku yano."

"Bazima," ndinayankha.

Ine ndinkanena za foni. Ndipo ngakhale ndikananena za munthu, Mtonga kupha Mlozi ndi pakamwa si mlandu, ndi mwambo, choncho sindipepesa. Akuti mayi uja anaika mbale pansi n'kugwira kumutu, koma ine n'kuti ndapita kale kwa a tomato.

Loweruka m'mawa ndi pamene a kwa Muleya anabwera kudzapangana za tsiku la ukwati. Ine anandiitana kuti ndithandize kukhitchini. Sibeso anali atapolisha pansi moti nyerere zinkaterereka. Ba Mwikisa anavala suti yawo yakuda n'kulamula kuti tiyi abwere m'makapu aakulu kuposa onse, aja oti ungasambitsiremo mwana. Bamake Lweendo anakhala pa sofa, chikwama pamaondo. Amuna awo, Ba Muleya, anakhala pambali pawo ali chete, munthu wooneka kuti anasiya kupereka maganizo chaka chomwe anakwatira.

Tiyi asanazizire tinamva nyimbo ya maliro pa geti.

Ndinasuzumira pazenera. Azimayi a zitenje anali atadzaza msewu, wina thumba la ufa pamutu, bambo wina akukankha wilibala ya nkhuni. Amataxi anaimika magalimoto awo m'mbali mwa ngalande. Patsogolo penipeni panali Atonga anzanga, ufa uli m'manja woti apake Alozi ofedwa monga timachitira pa maliro awo. Kani mawu anga aja anachoka pa msika n'kukwera basi, ndipo dzulo lake wina anali atawafikitsa pa wailesi.

Ba Mwikisa anatuluka kukaona. Tsoka lake, tauni inkawadziwa mawu chabe, nkhope ayi. Bambo wa wilibala uja anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani, mudala. Ndimwe m'bale wa malemu?"

"Malemu ndani?"

"Ba Mwikisa. Banali munthu wabwino. Pakamwa chabe ndiye panalibe buleki."

Asanayankhe, mayi wina anawathira ufa kumutu, suti yonse mbuu. Amuna ena anali atalowa kale m'nyumba n'kuyamba kutulutsa mipando kuti olira apeze pokhala. Awiri anagwira sofa uku ndi uku n'kupempha Bamake Lweendo kuti ayambe anyamukako. Ahedi anangowayang'ana, iwo n'kuisiya okha n'kukanyamula tebulo.

Ine ndinayesa kufuula kuti munthuyo ali moyo, ndi uyu waima apayu, koma nyimbo inali itafika pokoma ndipo palibe ankafuna kusokonezedwa.

Wataxi wina anakweza wailesi ya m'galimoto mwake. Tonse tinamva mawu a Mapenzi, atawatsitsa bwino ngati m'busa. "Bomvela, manje tituma ku nambala ya malemu, kuti tipepese banja na kumva za mwambo wa malilo."

M'thumba la suti ija foni inayamba kulira.

Sibeso anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Iye anatseka zotuluka zokha, zoti wailesi ingatume yokha sanaziganizireko. Anathamangira pakhomo, anagwada pamaso pa atate ake n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono mwa Chilozi. Bamake Lweendo anali ataimirira kumbuyo kwake, chikwama chili paphewa.

Ba Mwikisa anatulutsa foni, anaipukuta ufa, n'kudina.

"Halo."

Liwu limenelo litatuluka m'taxi, nyimbo inaduka pakati. Mayi amene anawathira ufa uja anakhala pansi pomwepo. Wa wilibala anabwerera chambuyo n'kugwera pa nkhuni zake.

"Ba Mwikisa?" anatero Mapenzi. "Ni imwe? Muli moyo?"

"Nili moyo."

"Mudala, tauni yonse ilila. Munali kuti? Chinachitika ni chani? Laini ni yanu, kambani vonse. Lelo sinikudulani."

Zaka zonsezi palibe anawauzapo mawu amenewo. Ndipo taonani zimene anali nazo m'manja tsiku limenelo: maliro awo omwe, ufa kumutu, mipando yawo ili pabwalo, ndi ahedi a ku Highlands ataima pakhomo pawo. Nkhani yoti akanaikamba mpaka nthawi ya nkhani za masana. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, ndipo ndinadziwiratu kuti ukwati wa mwana uja watha.

Mdala anayang'ana Sibeso pansi paja. Manja ake anali akuwombabe, koma osamveka.

"Kulibe chinachitika," anatero Ba Mwikisa. "Nakalamba chabe. Bantu ba mu Livingstone, mwanimvela pakwana. Musaniyembekeze futi."

"Koma mudala..."

Anadula foni okha. Kenako anatembenukira kwa Bamake Lweendo.

"Amai, dzina lanu lamveka?"

"Iyayi."

"Geti yanu?"

"Iyayi."

"Ndiye tiyeni tikambe za bana."

Ahedi anavula chikwama paphewa n'kubwerera pa sofa, mpando wokhawo umene unatsala m'nyumba. Ba Muleya anaseka kamodzi, akazi awo n'kuwayang'ana, n'kusiya. Tsiku la ukwati analipangana mdala ali pa ndowa yovundikira, ufa ukugwera m'tiyi. Olira aja anakana kubwerera ndi nkhuni zawo, anaphika zimene anabweretsa n'kudya pabwalo, ena akudandaula poyera kuti anapempha tchuthi kuntchito pachabe.

Anthu onse atabalalika, tinalowetsa mipando. Ndikusonkhanitsa makapu, Sibeso anagwadanso pafupi ndi atate ake.

"Bo ndate, siinali netiweki."

"Niziba, mwanaka. Kamukazi ka mu foni kananiuza tsiku loyamba. Chizungu ninaphunzila ku njanji iwe ukalibe kubadwa."

"Nanga simunakambe?"

"Nikambe kuti? Unatseka."

Sibeso anaseka uku misozi ikutsika. Anatenga foni ija, anadina nambala yake yachinsinsi n'kuibweza ndi manja awiri. "Natsegula. Munikhululukile."

Mdala anaigwira, anaitembenuza, chala chili kuyendayenda pa mabatani. Ndinaona kuti akuilakalaka ngati munthu amene wangosiya fodya. Kenako anaibwezanso kwa mwana wawo.

"Tseka futi."

"Bo ndate?"

"Ine nimaziziba. Pa Mande bazakamba za mabasi, nizalephela kupilila, nizayamba na mabasi nizasiliza na geti ya bene. Tseka, na nambala usaniuze." Anasasa ufa pa bondo. "Koma iwe uzinitumila. Ukayenda ku nyumba yako, muno simuzankhala munthu wonifunsa nili na mawu bwanji."

Sibeso anadina manambala aja akulira. Ine ndinanyamula makapu n'kupita nawo kumpopi, ndipo ndinachedwa nawo dala.