Chaka Chimene Ndinavala Dzina la Mng'ono Wanga

Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kawiri ndipo kawiri konseko ndinakhoza, koma kwathu ku Chibavi kukhoza kokha sikunali nkhani yoimbira nthungululu. Chofunika chinali kusankhidwira kusekondale. Malo anali ochepa, moti tinkangobwereza kalasi yomweyo mpaka anyamata ena kumera ndevu ali pa desiki. Mndandanda wa 1981 utamatidwa, adada anauyendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso m'mwamba. Dzina loti Peggy Manda panalibe.

Adada, a Overtoun Manda, anali kalaliki m'tauni ya Mzuzu, Mtonga wa ku Chintheche wovala taye ngakhale Loweruka. Tsikulo sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anangokoleka jekete pamsomali n'kulankhula akuyang'ana khoma.

"Imfa ilibe maso, Nyachirwa," anawauza amama. "Inatenga ufa woyera n'kutisiyira madeya."

Ufa woyerawo anali Winifred, mng'ono wanga, amene anamwalira ndi chikuku ali Sitandade 5. Anali mwana wa nambala wani teremu iliyonse. Ndinkamukonda, tinkafunda bulangeti limodzi, ndipo tsitsi lake ndinkaluka ndine. Koma kuyambira tsiku limene tinamuika ku Chintheche, m'nyumba mwathu munali ana awiri ndithu: wanzeru wa kumanda ndi wouma mutu wodya chakudya chabe.

Masiku amenewo anthu ankanena kuti posankha amayamba atenga olemba koyamba, obwereza n'kuwakankhira kumbuyo. Choncho makolo ambiri ankangomusintha mwana dzina n'kumupititsa kusukulu ina. Ena ankatenga dzina la agogo, ena la amalume. Adada, pokhala munthu wa mapepala, sanafune zopeka. M'sutikesi mwawo munali kalata ya ubatizo ya Winifred ndi malipoti ake onse, ndipo akanakhala moyo, chaka chimenecho akanalowa Sitandade 8. Tinasamukira ku Msongwe kumene kunalibe wotidziwa, ndipo anandilembetsa pasukulu ya kumeneko.

"Kuyambira lero muno mulibe Peggy," anatero titangotsitsa katundu. "Lilime likazolowera kunyumba silingaterereke kusukulu. Understood?"

"A Manda, dzina la mwana wogona kumanda?" amama anafunsa. "Mulibe mantha?"

"Mantha ndili nawo, oti mwanayu adzathera pamsika kugulitsa usipa. Ndipo iwenso, wina akakufunsa, ndiwe anyina Winifred."

Pamenepo ndiye panawawa. Zaka khumi ndi zisanu amama ankaitanidwa kuti anyina Peggy, ndiye kuti amake Peggy, chifukwa woyamba kubadwa ndinali ine. Dzinalo linachoka pa iwo tsiku limodzi. Iwo eni ake sanathe kunditchula Winifred, pakamwa pankakana, komanso Peggy ankaopa. Chaka chonse ndinali "iwe" basi.

Tsiku loyamba aphunzitsi ataitana kuti "Winifred Manda", ndinatembenuka kuyang'ana kukhomo. Anzanga anaseka, koma ine kwa kamphindi ndinayembekezera kumuona akulowa ndi kadiresi kake kabuluu. Pambuyo pake ndinazolowera. Munthu amazolowera ngakhale nsapato yothina.

Chimene sindinazolowere ndi kagawidwe ka adada. Ndikabweretsa kope la masamu lopanda cholakwa, ankamwetulira n'kuti, "Eya, uyu ndiye Winifred." Ndikapsereza nyemba kapena kuswa kapu, ankapukusa mutu n'kuti, "Chi-Peggy chija chayambanso kusuzumira." Zabwino zonse zinkapita kwa wakufa, zoipa n'kutsalira ine. Mapeto ake nanenso ndinayamba kumuda Peggy. Ndikalakwitsa samu ndinkadzitsina pantchafu n'kumutukwana chamumtima kuti chitsiru iwe, choka. Ndikunena izi ndi manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Ndinalemba mayeso kachitatu, ndipo mndandanda utatuluka, Winifred Manda anasankhidwira kusekondale ya atsikana yogonera komweko. Adada anapha tambala. Kutchalitchi anagwirana chanza ndi aliyense, akuti ankadziwa kale kuti Winifred wawo sangawachititse manyazi. Amama ankangosoka zilembo W.M. pa zovala zanga, mutu uli pansi.

Kutatsala sabata imodzi kuti ndinyamuke, Lamulungu masana kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu, tinamva odi. Anali ahedi a sukulu yanga, a Kumwenda, atatsamiritsa njinga pakhonde.

"Monire, a Manda. Muli uli?"

"Tili makora, sir. Yewo chomene, lowani."

Anandituma tiyi. Pobwera ndi thireyi ndinapeza nkhope za onse awiri zitasintha, ndipo patebulo panali envulopu.

"Ine sindikonda zoterezi," ahedi ankatero, "koma kalatayi ilibe dzina, ndipo mukudziwa nokha kuti masiku ano kalata yopanda dzina imachotsa munthu ntchito. Akuti mwanayu si Winifred. Akuti ndi Peggy Manda, amene analemba kale kawiri ku Chibavi. Ngati n'zoona, malo ake apita kwa wina. Ndati ndiyambe ndamva kwa inu ndisanayankhe kuofesi."

Ndinagwada n'kuika thireyi pansi. Adada sanaphethire n'komwe. Analowa kuchipinda, n'kubwera ndi kalata ya ubatizo ija, n'kuitambasula bwinobwino pamaso pa mlendo.

"Jealousy, sir, nsanje basi," anatero. "N'zoona, tinali ndi ana awiri. Wamkulu ndiye anali Peggy, analembadi kawiri. Koma anatisiya chaka chatha, n'chifukwa chake tinasamuka ku Chibavi. Ali kwathu ku Chintheche."

Kukhitchini kunagwa mbale. Ine ndinali chigwadire pomwepo, mapazi a adada ali pafupi ndi mawondo anga, ndikumva bambo wondibereka akundiika m'manda ndi mawu osanjenjemera n'pang'ono pomwe.

"Pepani chomene," anatero ahedi. Anayang'ana kalata ya ubatizoyo, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali. Mpaka lero sindidziwa ngati anakhulupirira. "Pepa, mwana wanga. Mkulu wakoyo unali naye pafupi? Anali munthu wotani?"

Ndinadziwa kuti ndikangonena kuti Peggy ndine, sukulu yathera pomwepo, mwinanso ntchito ya adada. Ndinadziwanso yankho limene adada ankafuna, lalifupi, loti anali wabwino, basi. Maso awo ankandiuza zomwezo. Koma wakufa sanyozedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'nyumba imeneyo munapezeka mpata woti Peggy anenedwe zabwino popanda womudula mawu.

"Anali wolimbikira, sir," ndinatero. "Ankayamba watunga madzi ndi kusesa asanapite kusukulu, koma sanachedwepo. Mayeso analemba kawiri, kawiri konse anakhoza. Sanalakwe ayi, malo ndiwo anachepa. Kungoti panalibe amene anamuuza kuti wakhoza."

Ndinavala zilimbe n'kupitiriza.

"Mng'ono wake atadwala, amene ankamubereka kupita naye kuchipatala anali iyeyo. Ankamuluka tsitsi. Masamu onse amene ndalemba chaka chino, anandiphunzitsa ndi iyeyo. Sanali madeya, sir. Anali mwana wabwinobwino."

Ahedi anatsokomola, n'kupinda kalata yopanda dzina ija, n'kuiika m'thumba la jekete. Anati akayankha kuti nkhaniyo ndi yabodza. Tiyi sanamwe. Adada anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo anakhalitsa kumeneko kuposa mmene kuperekeza mlendo kumafunikira, ataima pamvula opanda ambulera.

Atabwerera anandipeza ndikuchotsa makapu. Anaima pakhomo, madzi akutsika m'taye. Ndinadikira. Ndinkafuna mawu amodzi okha, ndipo ndikukhulupirira kuti anafika nawo mpaka pamilomo, chifukwa ndinaiona ikugwedezeka. Amama nawo anali ataima pakhomo la kukhitchini, chitenje chili kukamwa.

"Wayankha bwino," adada anatero potsiriza, maso ali pansi. "Kamalize kulongedza, Winifred."