Penate Imene Sungani Sakuikumbuka

Amene anamuononga mutu Sungani ndi a Goliati, aphunzitsi oyang'anira timu ya mpira pa sekondale yoyendera kufupi ndi Tsangano, pamodzi ndi komiti ya makolo imene imangowaombera m'manja. Zinenedwe poyera. Mwana anamenyetsa mutu pa mtengo wa golo, achipatala ananena kuti asayandikire mpira mwezi wathunthu, koma sabata itangotha iwo anamuveka jezi n'kumuimika pagolo pomwepo.

Sungani ndi mwana wa Nangozo, mayi wamasiye wolima kachewere. Bambo a mnyamatayu anabwera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa, n'kumwalira mwanayo ali Sitandade 5. Chivulalire, mnyamatayo ankasanza m'mawa, ndipo ankati mizere ya m'munda ikuoneka iwiriiwiri. Nangozo anakanena kusukulu. A Goliati anaseka. Anati mutu wa mwamuna umachira ndi madzi ozizira, ndipo pa timu yawo wotuluka m'bwalo akuyenda ndi miyendo yake jezi saionanso. Majeziwo ndi amene komiti inagula ndi thandizo lonse la chaka chino, obiriwira, a manambala kumsana, kuphatikiza chimkuzamawu. Bandeji ngakhale imodzi panalibe.

Loweruka m'mawa Sungani ananyamula makope, akuti akukawerengera mayeso a Fomu 4. Masana Nangozo ali pamsika, mnzake wogulitsa kabichi, Lufina, anabwera akupukuta manja.

"Anzanga, mwakhala phee apa. Wowerenga wanu uja ali pagolo. Lero ndi tsiku la chikho, akusewera ndi a ku Kandeu."

Nangozo anasiya ndowa za kachewere, anamanga chitenje m'chiuno, anathyola kanthambi ka pichesi panjira. Maganizo anali amodzi: alowe m'bwalo, amugwire khutu, apite naye kunyumba.

Chibadwire anali asanaonerepo mpira. Anakankha anthu mpaka kufika pachingwe, kumbuyo kwa golo, ndipo nthawi yomweyo mnyamata wa ku Kandeu anaumenya mpira mwamphamvu moti unalira ngati thumba lagwa pa lole. Sungani ananyamuka pansi. Sanalumphe monga amalumphira ngalande. Anagona m'malere chammbali, thupi lonse tambalale, zala n'kuukhudza mpirawo pang'ono chabe, nuwuluka pamwamba. Fumbi linakwera mochedwa, iye atadzuka kale.

Nangozo anaima kukamwa yasa. Mwana ameneyu, amene amataya ufa akamachokera kuchigayo, amene amapunthwa pakhomo pake pomwe, anaziphunzira kuti zimenezi? Anaona mmene ankayendera pamzere wake ndi zala za kumapazi, mmene ankalozera anzake aakulu kuposa iye, iwo n'kumamvera. Mawu ake anali a bambo ake enieni. Anthu mazanamazana, ena ochokera kutsidya kwa malire, ankaimba dzina limene iye analisankha yekha ali pamphasa ya chikuta.

"Mayi, nthambiyo ndi ya ndani?" anafunsa bambo wina wa njinga ya kabaza. "Ngati ndi ya refa, tiyambe ife."

Nangozo anabisa nthambiyo kumbuyo. Ankati alowa mpira ukatuluka. Unatuluka, sanalowe. Ankati alowa pa nthawi yopuma, koma pamenepo a Goliati anali atawazungulitsa anyamata, akuthira chigubu cha madzi pamutu pa Sungani, ndipo Nangozo anangokhala pachingwe pomwepo. Ankafuna aonenso kamodzi kokha. Tinene zoona, ankafuna.

Chakumapeto refa analoza penate. Bwalo lonse linati zii, mpaka kumveka mbuzi kuseri kwa makalasi. Sungani anatambasula manja, ndipo golo lija, lalikulu ngati khomo la tchalitchi, linaoneka laling'ono. Womenya anayang'ana kumanja, n'kumenyera kumanzere. Sungani anali kale kumanzereko, ngati wina anamunong'oneza dzulo lake. Anaufumbata mpirawo pachifuwa, mutu n'kugunda pansi pouma, gu.

Nthungululu yoyamba inali ya Nangozo. Inatuluka yokha, yaitali, imene sanaimbepo chimwalirire mwamuna wake.

Anzake anamunyamula Sungani pamapewa kuzungulira bwalo. Atamutsitsa pafupi ndi mayi ake, Sungani anawayang'ana nthawi yaitali, diso limodzi lalikulu kuposa linzake.

"Amayi, mwabwera? Khalani pamthunzi, tiyamba posachedwa."

"Mwatha kale, mwanawe. Mwawina."

Sungani anamwetulira mwaulemu, monga amachitira ndi alendo. Kenako anafunsanso kuti ayamba nthawi yanji, n'kusanzira pa jezi.

Papita masabata anayi. Sungani amakhala m'nyumba mawindo otseka chifukwa dzuwa limamulasa m'maso. Akatsegula kope, mzere wachitatu wayiwala woyamba. Anzake akabwera amamufotokozera za penate ija, mmene anaulukira, iye amamvetsera ngati nkhani ya munthu wina, n'kufunsa kuti goloboyiyo ndi wa kuti.

Nangozo anapitanso kusukulu. Pamaso pa komiti, a Goliati sanakane kanthu. Anangoti mayi ake anali pomwepo, pachingwe, ndipo Tsangano yense anamva amene anayamba nthungululu. Akomiti anagwedeza mitu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Nthungululuyo Nangozo sakuikana. Anaona chinthu chimene sanadziwe kuti mimba yake ingabale, ndipo mpaka lero akatseka maso amamuona mwanayo ali m'malere. Koma iye anaona tsiku limodzi, ndipo sukulu analekeza Sitandade 6. A Goliati aona mitu ya ana a eni ikugunda pansi zaka khumi ndi ziwiri.

Tsono inu mwawerenga izi, aphunzitsi, akomiti, inu mumaimba kubwalo, musangopukusa mutu n'kupinda pepala. Muyankheni Nangozo, ali pamsika pa Tsangano Loweruka lililonse. Kodi mayi akaimba nthungululu, ndiye kuti wapereka mutu wa mwana wake?