Apongozi Ake a Chipewa

Mafilimu amene ankafika pa mgodi wa Pang'onopang'ono, kufupi ndi Que Que, m'chaka cha 1934, ankafika atadyedwa kale. Asanatuluke mu Bulawayo ankadutsa m'manja mwa azungu ena amene ntchito yawo inali kuteteza maso a anthu akuda, ndipo ankawateteza ndi sizasi. Mzungu akamenyedwa, ankadula. Mzungu akaledzera, ankadula. Mwamuna ndi mkazi akayandikizana nkhope, ankadula mwachangu kuposa pena paliponse. Zotsalazo ankazimata, n'kuziika m'zitini, n'kuzikweza sitima kuti zizungulire migodi.

Choncho pa chinsalu pankachitika zodabwitsa. Munthu ali chilili pakhomo, kuphethira kamodzi ali chagada pansi, koma palibe amene wamukhudza. Zithunzizo zinalibenso mawu. Panafunika munthu woima pambali pa chinsalu kuti aziuza anthu chimene chachitika pamene sipanaoneke kanthu, ndipo munthuyo anali Nikodemo.

Nikodemo anali mnyamata wa ku Ntcheu, wogwira ntchito pa chigayo chosinja miyala ya golide. Mlungu wonse ankalankhula mokuwa kuti amveke pa phokoso la minsi yachitsulo, kotero Loweruka dzuwa likangolowa, chinsalu chikapachikidwa pa khoma la holo ya mowa, mawu ake ankafika mpaka kwa amene akwera padenga la khitchini. Ankafotokoza m'Chinyanja, n'kumaponyamo Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha pa migodi, apa ndi apo kuti a Chishona ndi a Chindebele asagone.

Filimu imene komboni yonse inkaikonda inali ya mzungu wina wokwera hatchi, wovala chipewa chachikulu choyera. Anthu ankangomutcha Chipewa. Inkabwera m'zigawo, mwezi ndi mwezi, ndipo m'chigawo chilichonse munali mayi wina wa tsitsi lopotanapotana. Chipewa akamuona ankatsika pa hatchi n'kuyandikira. Mayiyo ankayandikiranso. Kenaka chithunzi chinkadumpha, ndipo Chipewa amakhala ali kale pa hatchi, akuthamanga, fumbi lili koboo.

Tsiku loyamba anthu anakuwa: "Wathawiranji?"

Nikodemo sanachedwe. "Maso muli nawo inu? Amenewo ndi apongozi ake! Wakumana nawo panjira, ndiye aime?"

Bwalo lonse linati, "Ooo!" Kumudzi mkamwini sayang'anizana ndi mayi a mkazi wake, akawaona akubwera amapatukira kutchire ngakhale kuli minga. Amayi ena anadandaula kuti apongoziwo akuoneka aang'ono, koma Nikodemo anawauza kuti azungu sakalamba msanga chifukwa cha batala. Kuyambira pamenepo Chipewa anasanduka chitsanzo. Akuluakulu akafuna kudzudzula mnyamata wamwano ankati, "Ngakhale mzungu uja amapatuka. Iwe ndiwe ndani?"

Amene ankadziwa zoona anali awiri okha, Nikodemo mwiniwake ndi a Yosiya, bambo wa kwawo komweko amene ankayendetsa makina a bayisikopo. A Yosiya anali atathandizapo pa kalabu ya azungu, ndipo anali ataona zimene sizasi inkachotsa.

Pa mgodi munthu sakhala ndi amalume pafupi, choncho Nikodemo atafuna kufunsira mbeta anatuma a Yosiya ngati ankhoswe ake. Mbetayo inali Noria, mwana wa a Daison, munthu wa ku Tete amene ankanola zitsulo zoboolera miyala, mkulu wa mpingo, amene phazi lake linali lisanapondepo pa bayisikopo.

"Pa ntchito ndilibe naye chifukwa mnyamatayo," anatero a Daison. "Samwa, satchova njuga. Koma ndamva kuti Loweruka amaika mawu m'kamwa mwa anthu amene sanalankhule. Kutchalitchi timati umboni wonama. Munthu wonamizira azungu, adzalephera kunamiza mwana wanga?"

Nthawi inalinso yochepa. Azakhali ake a Noria anali atabwera kudzacheza, ndipo a Daison anali atanena kuti mwezi ukatha, ngati palibe chomveka, mtsikanayo apita nawo ku Tete kumene kunali mwamuna wina wa ng'ombe. Mtolo wake unali utamangidwa kale, bulangete labwino la m'nyumbamo lili momwemo. Amene anatsegula kampata anali mayi ake a Noria, a Eveline.

"Atate ake a Noria, mlandu wongomva sauweruza. Tipite tikaone tokha."

A Daison anavomera kupita kamodzi.

Lachisanu Nikodemo anakumana ndi Noria pa mpopi, ndowa ili pamutu.

"Mawa musakakometse," anatero Noria osatembenuka. "Hatchi ikakhale hatchi."

"Nanga ndinaitchapo mbuzi?"

"Mwezi watha munati ikuganiza za kwawo."

"Inali ikuyang'ana kum'mawa."

"Ine ndiye ndiyang'ana kum'mawa mukalakwitsa, a Nikodemo. Ku Tete ndi komweko."

Zitini zinafika Loweruka masana pa ngolo ya bulu. A Yosiya atazinyamula anamva kuti n'zolemera kuposa masiku onse, ndipo anakondwera, poganiza kuti alendo awo aona filimu yaitali. Panalibe mwayi woti ayambe aionera okha, chifukwa magetsi a ku komboni ankayatsidwa nthawi ya bayisikopo yokha. Zinadziwika pambuyo pake kuti penapake panjanji, ena amati pa Somabhula, zitini zinasinthana: za ku komboni zinapita ku kalabu ya azungu a mgodi wina, kumene akuti anthu anaonera filimu yonse osamvetsa kuti Chipewa akuthawa chiyani.

A Daison anakhala kutsogolo pa benchi ya akapitawo, atavala jekete la kutchalitchi. A Eveline anakhala pa mkeka kumbali ya amayi, Noria pambuyo pawo. Makina anayamba kulira, ndipo Nikodemo anafotokoza ngati munthu amene akupereka umboni kukhoti.

"Uyu ndi Chipewa. Wakwera hatchi. Hatchi ikuyenda."

"Tikuona!" wina anakuwa. "Ikuganiza chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Wadwala kodi lero?"

Koma pang'ono ndi pang'ono lilime linamasuka. Filimu ya tsikuli inali yosavuta: munthu akagwa, nkhonya imene yamugwetsa inkaoneka. Anthu anaombera m'manja ataona mzungu wandevu akulandira chibakera chapamphuno, chinthu chimene chinali chisanaonekepo pa chinsalu chimenecho. Nikodemo anayenera kuchenjera pamenepo. M'malo mwake anasangalala, ataona a Daison akugwedeza mutu movomereza.

Kenaka panatulukira mayi wa tsitsi lopotana, ataima pafupi ndi chitsime. Chipewa anatsika pa hatchi. Apa ndi pamene Nikodemo anali kudikira, pamalo poti mkulu wa mpingo aone kuti bayisikopo imaphunzitsa mwambo.

"Tsopano, abambo ndi amayi, taonani ulemu. Awo ndi apongozi ake. Awaona. Ayandikira pang'ono kuti atsimikize. Ndipo tsopano athawa."

Chipewa sanathawe. Anavula chipewa, n'kuchiponya pansi, n'kuwagwira apongozi ake m'chiuno, n'kuwapsompsona pakamwa.

Kwa kanthawi kunamveka kulira kwa makina kokha. Kenaka bwalo linaphulika.

"Apongozi!"

"Maiwe zvangu!" anakuwa wina m'Chishona.

"Malodza awa! Zimitsani!"

A Yosiya sakanatha kuzimitsa, chifukwa filimu ikaima kutsogolo kwa nyale yotentha ija imayaka moto. Anapitiriza kupukusa, thukuta lili kamukamu. Chipewa nayenso anapitiriza. Amayi anadziphimba kumaso ndi nsalu, ena kusiya kampata. Nikodemo anaona a Eveline ataweramitsa mutu, ndipo a Daison ataimirira, akumanga mabatani a jekete.

"Tula!" Mawu a Nikodemo a kuchigayo aja anatuluka onse. "Khalani chete! Simunaione njoka?"

Phokoso linatsika pang'ono.

"Njoka iti?"

"Ija yatuluka kuseri kwa chitsime pamene inu mumayang'ana hatchi. Yawaluma pa mlomo! Akuwayamwa ululu! Apongozi akufa, ndiye mkamwini athawe? Inu mungathawe?"

"Nanga watsinziniranji?" anafunsa munthu wina wa padenga la khitchini.

"Ulemu, iwe! Awayang'ane m'maso apongozi ake?"

"Nanga mayiwo amukolekeranji manja m'khosi?"

"Miyendo yafooka. Unalumidwapo iwe?"

"Ine ndinalumidwapo," anatero mkulu wina wa ku Zomba. "Imafookadi."

"Ndinaiona ine!" mayi wina anakuwa kumbali ya mikeka. "Yakuda, yaitali chonchi!"

Anthu amene anaiona njokayo anayamba kuchuluka. Ena anati inali mphiri, ena songo, ndipo kumbuyo kunabuka mkangano. Pa chinsalu mayi uja anatsegula maso n'kumwetulira, bwalo lonse n'kuombera m'manja kuti wachira. A Daison anaima kanthawi, dzanja lili pa batani lomaliza, kenaka anakhala pansi.

Chakumapeto, adani atamangidwa, Chipewa ndi mayi uja anakumananso pansi pa mtengo, ndipo zinachitikanso. Ulendo uno Nikodemo sanatsegule n'komwe pakamwa. Bwalo linakuwa lokha: "Yabwereranso!" Mkulu wa ku Zomba uja anati dziko la azungu lili ndi njoka zambiri, n'chifukwa chake anathawira kuno.

Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi, a Yosiya anapita kwa a Daison. Anawapeza atakhala pa mpando pakhonde, a Eveline ali pa mkeka akusenda mtedza. Kuseri kwa nyumba wina ankatsuka mbale imodzi imene sinkayera. Atapatsana moni, n'kufunsana za thupi ndi za ana, a Daison anakhosomola.

"A Yosiya, ine ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa Mpwitikizi ku Beira ndili mnyamata."

"Ndamva, bambo."

"Kunalibe njoka."

"Kunalibe, bambo."

"Ndipo sanali apongozi ake."

"Sanali."

"Ndiye mabodza ndi awiri. Lina pamwamba pa linzake, ngati mazira." A Daison anatambasula manja. "Ine ndinapita kukaona ngati mnyamatayo amanama. Ndaona. Amanama mofulumira kuposa munthu aliyense amene ndinakumanapo naye. Sanapume n'komwe."

A Yosiya anayang'ana pansi.

"Ndingalankhuleko?" anatero a Eveline, osasiya kusenda.

"Lankhulani, amake Noria."

"Inu munaimirira kuti mutuluke. Mukanatuluka, ine ndikanakutsatirani, mwana pambuyo panga. Tikanadutsa pakati pa komboni yonse, aliyense akudziwa chimene tinabwerera. Mawa lake pa mpopi akanati, awo ndi apongozi aja, achenjere ndi mkamwini wa bayisikopo. Ndikanatunga madzi kuti ine? Mnyamata uja sanayang'ane chinsalu pamene ankanena za njoka. Anayang'ana kumene ndinakhala ine, kenaka n'kuchotsa maso msanga. Ine ndinali ndilibe pobisa nkhope, iye anandipatsa."

"Anakupatsani bodza."

"Eya. Ndinafunda lomwelo, ndipo ndinafika kunyumba."

A Daison anawerama. Anatola mtedza umodzi pa mkeka, n'kuuyang'ana, n'kuubwezera.

"Chimene chikundivuta," anatero potsiriza, motsitsa mawu, "n'chakuti pamene amati yatuluka kuseri kwa chitsime, ine ndinakumbuka ngati ndaona udzu ukugwedezeka."

"Unagwedezeka ndi mphepo, bambo," anatero a Yosiya.

"Ndikudziwa kuti ndi mphepo! N'chifukwa chake ndikuti mnyamatayo ndi woopsa. Munthu wotere sangasiyidwe yekha kutsogolo kwa anthu popanda wamkulu womuyang'anira." Anakonza kolala ya jekete. "Mukamuuze izi. M'nyumba mwa mwana wanga njoka sindikuzifuna. Akachedwa kumowa kapena kwina, anene kuti wachedwa. Chachiwiri, malo aja pa benchi ya akapitawo akhale anga Loweruka lililonse. Ndizimumvetsera ndekha."

"Loweruka lililonse, bambo?"

"Mwezi wamawa kukubwera chigawo china, si choncho? Wandevu uja anathawa. Sanamangidwe ndi anzake, ine ndinaona."

A Yosiya anaomba m'manja katatu mwaulemu, nkhope itawerama kwambiri kuti isaoneke.

"Mubwere Lamlungu likudzali ndi anthu a kwanu," anatero a Daison. "Tidzakambe zotsala."

Kuseri kwa nyumba mbale ija inagwa pansi. A Eveline anakutumula makoko a mtedza pa nsalu yawo n'kuitana osatembenuka.

"Noria! Ukatola mbaleyo ukamasule mtolo uja. Ndipo ukawauze azakhali ako kuti bulangete labwino lija likutsala."