Lamba Wobisira Mimba

Mimba itayamba kuonekera, Mayi Makolala anadzisokera lamba. Anatola zidutswa za nsalu yolimba imene amaika m'kati mwa makolala a malaya, n'kuzilumikiza bwinobwino, n'kuikako tingowe m'mbali. M'mawa uliwonse mwamuna wake akangotuluka, iye ankatulutsa mpweya wonse, n'kukoka lambayo mpaka mimba itaphwa. Akatero ankavala yunifolomu n'kunyamuka ulendo wa ku fakitale.

Dzina la Makolala anamupatsa ndi anzake a kuntchito. Pa mzere wawo wosoka malaya a ana asukulu, iye ndiye ankasoka makolala, ndipo kolala yake sinkabwezedwa. Koma pafakitalepo panali kachitidwe kamene aliyense ankakadziwa. Osoka onse ankalembedwa pa kontirakiti ya miyezi yochepa, ikatha n'kuwonjezera ina. Mayi akangooneka kuti ali ndi pakati, kontirakiti yake ikatha, kapitawo ankamuuza mwaulemu kuti maoda achepa, akapume kaye, adzamuitana. Ndipo sankaitanidwanso. Palibe amene ankachotsedwa ntchito. Ankangoiwalidwa.

Mimba imeneyi inali yankho la mapemphero a zaka zambiri. Iye ndi mwamuna wake, amene anthu ankangomutchula kuti Wometa, anadikira mwana mpaka achibale anatopa n'kufunsa. Koma makina ometera amadalira magetsi, ndipo magetsi akavuta, pakhomo pankaphikidwa chifukwa cha makolala. N'chifukwa chake ngakhale ku sikelo sanapiteko. Sikelo inkachitika nthawi ya ntchito, ndipo kupempha chilolezo kunali kudziulula. Iye anauza mwamuna wake kuti adzayamba mwezi wamawa, mwezi wamawawo n'kumangosuntha. Pomanga lamba ankapemphera kuti Mulungu amusungire mwana ndi ntchito yomwe, koma pempherolo linkatuluka modukaduka chifukwa mpweya unkamuchepera.

Tsiku lina ataweruka anapita ku maphunziro a kwaya asanadzere kunyumba, lamba ali m'chiuno. Pafupi naye pankaima mayi wina wamfupi, wovala magalasi, amene onse ankamutchula kuti a Loya, popeza ndiyo inali ntchito yake. A Loya ankakonda kuimba, koma nyimbo sinkawakonda kwenikweni. Ankalowa mochedwa n'kutuluka mofulumira, moti wophunzitsa kwaya ankawauza kuti, "A Loya, pano si pakhoti, musamatsutse nyimbo."

Anali kuphunzira nyimbo yoyamika, yokhala ndi mawu aatali kumapeto. Atafika pa mawu aataliwo, Mayi Makolala anangoona mdima, n'kuyamba kugwa. A Loya anamuwakha m'chiuno, ndipo dzanja lawo linakhudza chinthu cholimba ngati thabwa. Anamulowetsa m'kachipinda kosungiramo mabuku a nyimbo, n'kutseka chitseko, n'kumasula tingowe tija kamodzikamodzi. Pakhungu panali mizere yofiira yolowa m'kati. Mimba inabwerera m'malo mwake, ndipo Mayi Makolala anapuma mpweya wautali, kenako n'kuyamba kulira. Anafotokoza zonse.

"M'bale wanga," anatero a Loya akumupukuta misozi ndi mpango wawo, "za malamulo tikambirana. Koma mawa m'mawa mupite ku sikelo. Mlandu umadikira, mwana sadikira."

Anamuperekeza mpaka kunyumba. Anapeza Wometa ali pakhonde akutsuka zipeso zake m'beseni. Wometa ataona lambayo anamutembenuzatembenuza m'manja. Kenako anati iye ankadabwa kuti mwana wawo ngwamanyazi bwanji, wobisala masana n'kumaonekera madzulo okha. Anayesa kuseka, koma maso ake anali atalengeza misozi. A Loya atanena kuti akufuna kukaonana ndi mabwana a fakitale, nkhope ya Wometa inasintha.

"Pepani a Loya, sikuti ndikunyoza. Inu mukatha kulankhula mubwerera ku ofesi yanu. Ife titsala ndi kapitawo."

A Loya sanakhumudwe. Anati mantha amenewo ndi omveka, ndipo sangalonjeze kuti zonse ziyenda mosavuta. Anafotokoza kuti lamulo limaletsa kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pakati, koma silinena momveka za anthu a makontirakiti aafupi, ndipo mabwana ena amadzera pa mpata umenewo. Anati iwo ali m'gulu la maloya achizimayi amene amathandiza amayi otere popanda malipiro, ndipo gululo lakhala likupempha aphungu kuti atseke mpatawo. Anawauzanso kuti sangachite chilichonse popanda chilolezo cha mwini nkhani. Kenako anatembenukira kwa Mayi Makolala n'kumufunsa kuti lambayo akanabisa mimbayo mpaka liti, popeza mwana wa m'mimba sasiya kukula. Kukhala chete kukanangochedwetsa tsiku loiwalidwa, pamene kulankhula kunali ndi mwayi.

Mwamuna ndi mkazi anayang'anana. Wometa anati apemphere kaye. Anagwada onse atatu pa mkeka, ndipo atanena ameni, Mayi Makolala anati, "Tiyeni tiyese."

M'mawa mwake Wometa sanatsekule kanyumba kake kometera. Anaperekeza mkazi wake ku sikelo, n'kukhala yekha mwamuna pa benchi ya amayi oyembekezera. Mayi wina anamufunsa kuti mimba yake ndi ya miyezi ingati, iye n'kuyankha kuti yangoyamba kumene, n'chifukwa chake sikuoneka. Namwino atamuyeza Mayi Makolala anapeza kuti magazi ndi ochepa m'thupi. Anamupatsa mankhwala, n'kumudzudzula mwachikondi kuti kudzimanga kumachepetsa mpweya, ndipo kuchedwa kuyamba sikelo kumabisa mavuto amene akanathetsedwa msanga. Kenako anaika kachipangizo pamimba n'kuitana Wometa kuti alowe. M'chipindamo munamveka kamtima kakugunda mofulumira. Wometa anavula chipewa chake monga amachitira polowa m'tchalitchi.

Tsiku lotsatira Mayi Makolala anapita ku ntchito wopanda lamba. Atalowa pakhomo la holo yosokera, makina anayamba kuzima amodziamodzi, anzake akumuyang'ana. Kapitawo anabwera, manja ali kumbuyo, n'kumufunsa kuti wadya chiyani kuti anenepe chotero masiku awiri okha.

"Ndili ndi pakati, bwana," anayankha. "Ndipo makolala ndisokabe."

Anakhala pa mpando wake n'kuponda makina. Kapitawo anangoti aona kumapeto kwa mwezi, pamene kontirakiti inkatha.

A Loya sanadikire kumapeto kwa mwezi. Mothandizidwa ndi osoka anzake a Mayi Makolala, anafunafuna amayi amene anaiwalidwa kale. Wina anamupeza akuchapa zovala za anthu, wina akusoka zigamba pakhonde la sitolo ndi makina obwereka. Ambiri anavomera kulankhula. Pa tsiku lokumana ndi manijala, a Loya anabwera ndi loya mnzawo komanso mkulu wochokera ku ofesi yoona za apantchito. Amayi aja anaima kunja kwa geti, ana ali kumsana.

Manijala anawalandira bwino, n'kuwapatsa mipando yofewa. Anati pafakitale pawo sanachotsepo munthu chifukwa cha pakati, makontirakiti amangotha okha maoda akachepa. A Loya, amene ku kwaya ankalowa mochedwa, apa analowa pa nthawi yake. Anapempha manijala kuti asuzumire pawindo. Anamufunsa kuti ngati maoda anachepa, n'chifukwa chiyani pa makina a mayi aliyense wa pagetipo panakhala munthu watsopano sabata yomwe mayiyo anachoka. Anafunsanso kuti maodawo amadziwa bwanji kuchepa pa mpando wa mayi woyembekezera yekha. Ananena modekha kuti kumeneko ndi kusala, ndipo gulu lawo ndi lokonzeka kukafunsa mafunso omwewo kukhoti. Mkulu wa ku ofesi ya apantchito anawonjezera kuti iyenso akufuna kumva yankho.

Manijala anayang'ana pawindo nthawi yaitali. Anapempha masiku oti akambirane ndi eni fakitale, ndipo masiku amenewo anali olemera kwa Mayi Makolala. Ankasoka akuimba chamumtima, kapitawo akumudutsa osamulankhula. Koma mwezi usanathe anaitanidwa ku ofesi n'kuuzidwa kuti kontirakiti yake yawonjezedwa, kuti masiku a sikelo azipita momasuka, ndiponso kuti akadzachira adzapatsidwa tchuthi cha uchembere, mpando wake n'kumudikira. Ena mwa amayi a pageti aja anaitanidwanso. Atafika kunyumba n'kufotokoza, Wometa anameta anthu ulere madzulo onse, mpaka mkazi wake anachita kumuletsa kuti kuyamika kusasanduke njala.

Mwana anabadwa wamkazi, wamphamvu, wolira mokweza. A Loya atabwera kudzamuona anati ameneyu adzaimba bwino kuposa iwo, ndipo Wometa anati zimenezo sizovuta. Atatha kuseka, a Loya ananena chimene anabwerera. Fakitale imodzi inali itasintha, koma m'mafakitale ena, m'masitolo ndi m'nyumba zodyeramo, amayi anali kuiwalidwabe. Komiti ya aphungu inali itavomera kumva maganizo a anthu, ndipo maloya achizimayi ankafuna kuti aphunguwo amve kuchokera kwa mwini nkhani.

Mayi Makolala anachita mantha. Anati iye ndi wosoka chabe, sangathe kulankhula pamaso pa akuluakulu. A Loya anamukumbutsa za ana aakazi aja a m'Malembo, amene bambo wawo atamwalira wopanda mwana wamwamuna anapita kukaima pamaso pa atsogoleri kupempha cholowa chawo. Mulungu anati akunena zoona, ndipo lamulo linakonzedwa chifukwa cha iwo. Nawonso sanali anthu otchuka. Anangonena zimene zinawachitikira.

Anapita ku msonkhano wa komitiyo, mwana ali kumsana. M'holo munali matebulo aatali ndi mabotolo a madzi. Maloya achizimayi anafotokoza ndime imene ankafuna kuti iwonjezedwe, yoteteza mayi woyembekezera posatengera kutalika kwa kontirakiti yake. Kenako anamuitana. Anafotokoza za kapitawo, za sikelo imene ankaiopa, za mdima umene anauona ali ku kwaya. Mwana atayamba kulira anapepesa n'kufuna kutuluka, koma phungu wina wachikulire anati, "Musiyeni alire, mayi. Nkhaniyi ndi yake."

Lamulo silisintha tsiku limodzi. Panali misonkhano ina, kukana kwina, kudikira kwina, ndipo maloya aja sanatope kugogoda. Mwanayo anali atayamba kuyenda pamene a Loya anaimba foni masana, Mayi Makolala ali pa nthawi yopuma, kumuuza kuti ndime ija yavomerezedwa. Iye anauza anzake a pa mzere. Wina anayambitsa nyimbo yoyamika, holo yonse n'kulandira, ndipo kapitawo anaima pakhomo osawaletsa.

Tiyamike Mulungu amene amamva kulira kwa anthu ochepa mphamvu, ndipo amawatumizira anthu odziwa malamulo okhala ndi mtima wachifundo. Tiyamikenso amayi ophunzira amene sanaiwale amayi anzawo.

Kwa inu amayi apantchito, kukhala ndi pakati si mlandu. Musabise mimba, musadzimange, ndipo yambani sikelo msanga. Abambo, imani ndi akazi anu. Ngati akukusalani kuntchito chifukwa cha pakati, musalire nokha. Pitani ku ofesi yoona za apantchito kapena kwa maloya othandiza amayi, mukafunse za ufulu wanu. Ndipo kumene lamulo lili ndi mpata, lankhulani, chifukwa malamulo amakonzedwa ndi anthu, ndipo amawakonza akamva mawu anu. Mayi asamasankhe pakati pa mwana wake ndi ntchito yake. Zonse ziwiri ndi mphatso, ndipo ali ndi ufulu wozisunga.