Mchenga wa M'thumba

Mayi Mbololwa anali atapusitsidwapo kale pa nkhani ya udzu, ndiye mwamuna aliyense wofika pageti atanyamula thumba ankamuyang'ana ngati wakuba nkhuku. Chaka chatha mkulu wina wapakamwa potsekemera anayala udzu wa pulasitiki pabwalo la sukulu yawo ya mkaka, kuseri kwa msika wa Maramba, n'kulumbira kuti udzakhala wobiriwira mpaka adzukulu. Ha! Miyezi isanu ndi itatu yokha, udzu uja unagona pansi, unatuwa ngati nsanza, ndipo dzuwa likafika paliwombo unkatentha moti ngakhale galu ankaulambalala. Foni ya mkulu uja inasiya kugwira.

Mwezi wa Okutobala zinafika poipa. Kamtsikana kena, Inonge, kanavula nsapato masana n'kuthamangira pabwalopo, ndipo kanabwerako ndi matuza kumapazi konse kuwiri. Mayi ake, a Norah, amagulitsa nsomba zouma mumsika, ndipo akanena chinthu m'mawa, pofika madzulo Maramba yense wachimva.

"Ba Mbololwa, nakupatsani masabata awiri," anatero a Norah atamubereka mwanayo. "Mukapanda kukonza, nimuchosa. Ndipo sinizachoka neka."

Sanali kuseka. Theka la ana a pasukulupo anali a amayi amumsika, ndipo onse ankatsata mapazi a Norah. Mbololwa anachita mantha, ndithu.

Mnzawo wa kutchalitchi ndiye anawatumizira Choongo, mmisiri wina woyala udzu wa pulasitiki. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo kufatsa kwakeko n'kumene kunawakayikitsa. Woyamba uja ananama ndi pakamwa, uyu bwanji, azinama ndi chete? Choongo anagwada pabwalo, n'kupatula udzu ndi zala.

"Sanathiremo kanthu pakati," anatero. "Udzu uyu umafuna chothiramo kuti uziimirira. Ukagona, dzuwa limaumenya thupi lonse, ni chifukwa chake watuwa msanga. Tiyale wina, koma tithiremo."

Anatulutsa matumba awiri. M'limodzi munali timibulu takuda ta mphira, togayidwa kuchokera ku matayala akale. M'linalo munali mchenga woyera.

"Wakuda uyu ni wofewa, koma umamwa dzuwa. Pa ana, ikani mchenga. Ni wotsuka, wosefa, ndipo kuyera kwake kumabweza kutentha."

Mbololwa anaseka chiseko chopanda chimwemwe. Mchenga! Munthu n'kudzagulitsa mchenga ku Livingstone, kumene umalowa wokha m'nsapato, m'bedi, ngakhale m'ndiwo! Mumtima anali atamaliza kale mlandu: bamboyu amakatapa kumtsinje ndi wilibala, n'kuulongedza m'matumba olembedwa bwino. Mphira ija ndiye inkaoneka ngati katundu weniweni wa m'sitolo. Nanga ankainyozeranji? Ndiye kuti phindu lake linali pa mchenga, basi.

"Musiye zidutswa ziwiri," anamuuza. "China cha mchenga, china cha mphira. Ndiyesa ndekha, inu kulibe."

Choongo sanatsutse. Anayala zidutswazo pambali pa mpanda, pamtetete, anathiramo, anapesa ndi burashi, n'kumapita.

Pasukulupo panali mkulu wina, a Akapelwa, amene anasamala kapinga weniweni wa pabwalopo zaka makumi awiri, nyumbayo isanakhale sukulu. Chibwerere pulasitiki, ntchito yawo inangotsala yosesa ndi kuthirira maluwa, ndipo ankakhala ndi nkhawa kuti tsiku lina adzauzidwa kuti sakufunikanso. Mbololwa anawaitana.

"Ba Akapelwa, muziyang'anira udzu uwu. Bambo uja asaukhudze. Ine ndizibwera ana akamadya, ndidzaone mmene ulili."

"Musadandaule, madamu. Muzaupeza bwino."

Tsiku loyamba, ana atakhala pansi kudya, Mbololwa anavula nsapato. Anaponda pa mchenga: pofunda, koma popiririka. Anaponda pa mphira: zii, pozizirira bwino. Anaima pomwepo manja ali m'chiuno, akugwedeza mutu. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anapita ndi mphunzitsi wawo, Sepiso, kuti pakhale mboni, ndipo nayenso anavomereza kuti wakudayo ndiye wozizira. Eee, Mbololwa anakondwa! Kugwira wabodza kumakoma, makamaka ukakhala kuti unamuganizira kuyambira pageti.

Choongo atabwera, sanamupatse ngakhale mpando.

"Munati wakuda umatentha. Phazi langa likuti ayi."

Iye anakwinya nkhope. "Sizingatheke, mayi. Kapena pali amene anathirapo madzi?"

"Madzi? Pa pulasitiki? Mukundiona ngati ndine wozerezeka?"

"Tiyeni tikapondepo limodzi mawa masana."

"Kuti mubwere mwakonzeratu zanu? Iyayi. Ndikufuna mphira, bwalo lonse."

Choongo anati, "Ine mphira siningaike posewera ana. Pezani wina." Ananyamula thumba lake la mchenga n'kutuluka. Mbololwa anamuperekeza ndi maso mpaka pakona, ndipo kukana kwakeko anakutenga ngati umboni womaliza. Munthu wanji amakana ntchito, ngati si uja waona kuti chinyengo chake chaululika?

Anapeza amuna ena awiri pasitolo ina ya mumsewu wa Mosi-oa-Tunya. Amenewo sanafunse kanthu. Loweruka anakanganula udzu wakale, n'kuyala watsopano, ndipo pofika madzulo bwalo lonse linali litamwa mphira, lobiriwira mochititsa kaso. Lamlungu Mbololwa anatumiza uthenga kwa a Norah: bwerani Lolemba masana, dzuwa lili paliwombo, mudzaponde nokha.

Lolemba kunacha kopanda ndi kamtambo komwe. Mbololwa anavala chitenje chatsopano, anaika mipando pakhonde, ndipo ana anawatsekera m'kalasi kuti makolo ayambe ndiwo kuona. Cha m'ma leveni koloko anamva kafungo, ngati kuseri kwa mpanda wina akuwotcha tayala. Anasuzumira kwa aneba, koma utsi kunalibe.

Kenaka a Akapelwa anatulukira kumbuyo kwa nyumba, thukuta lili kamukamu, atanyamula chitini chothirira maluwa chopanda kanthu.

"Madamu, lelo nalephera. Madzi achoka pampopi kuyambira m'mawa."

"Maluwa adikira, musavutike."

"Sinikamba maluwa. Nikamba udzu. Kaja kachidutswa kanali kang'ono, chitini chimodzi chinali kukwana. Manje bwalo lonse ili, olo madzi akabwera, nizakwanisa bwanji neka?"

Mbololwa anawayandikira. "Kachidutswa kati?"

"Kakuda kaja. Dzuwa likakwera kanali kufota, masamba kugona, na kununkha. Nimauziba udzu ukamavutika, madamu. Ndiye nimathirira mukalibe kubwera, kuti musapeze kofota n'kumati Akapelwa sagwira nchito." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Koyera kaja sikanavute. Sininakathirepo olo tsiku limodzi."

Anazinena monyadira, mkulu wa anthu, akudikira kuyamikiridwa. Mbololwa anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma akalipire ndani? Munthuyo anachita zimene anauzidwa, ndiponso zimene manja ake anazolowera kwa zaka makumi awiri. Ndipo funso lija Choongo analifunsa, maso ndi maso, iwo n'kulitenga ngati chipongwe. Manyazi anawagwira.

"Kulibe madzi ngakhale mu diramu?"

"Taphikira ana."

Geti linalira. A Norah analowa, kumbuyo kwawo kuli amayi ena asanu, onse atasiya mabenchi awo mumsika. Anayamikira kubiriwira kwake, wina mpaka anaomba m'manja. Mbololwa anayesa kuwatsogolera kumipando, n'kumati ayambe amwa kaye tiyi, koma a Norah anali atavula kale patapata.

Anaika phazi pa udzu. Sanakuwe. Anangolichotsa msanga, n'kulipukuta pamwendo unzake, kenaka anawerama n'kutola timibulu takuda tingapo, anatinunkhiza, n'kutitaya. Amayi enawo anayang'anana, ndipo palibe amene anavulanso nsapato.

"Ba Norah, ndipatseniko sabata imodzi yokha. Pali bambo wina wa mchenga, ndimuimbira lero lomwe..."

A Norah anavala patapata wawo pang'onopang'ono. Sanakalipe n'komwe, ndipo Mbololwa akanakonda akanakalipa.

"Niitanileni Inonge," anatero. "Munipase na kapu yake, na kabulangete kake kogonera."

M'modzi mwa amayi aja anatchula dzina la mwana wake, kenaka winanso. Sepiso anaima pakhomo la kalasi makiyi ali m'manja, akuyang'ana abwana ake. Mbololwa anamugwedezera mutu kuti atsegule.