Msuzi wa Nsomba ya mu Epulo

Kwa masabata atatu mayi Nasrin sanadye chinthu chooneka. Mankhwala a khansa anali atawawononga m'kamwa: tiyi ankamveka dzimbiri, mpunga ngati mchenga. Dokotala anali atanena mosabisa kuti akapitiriza kuwonda chonchi, mankhwalawo awaimitsa. Choncho Lachisanu lina, atanena motsitsa mawu kuti akulakalaka msuzi wa nsomba yongovuulidwa kumene, osati za mufiriji za kusitolo, amuna awo a Mikidadi sanafunse kawiri.

M'mawa mwake anachoka ku Silver Spring, ku America komwe ankakhala, kulowera kumtunda kwa mtsinje wa Potomac. Kunali kuchiyambi kwa Epulo, mitengo isanaphuke bwino. Anavala jombo zofika m'chifuwa n'kulowa m'madzi ozizira mpaka mafupa kuwawa.

Kawedzedwe aka anawaphunzitsa ndi Mwenya, mnzawo wa ku Chipata amene ankagwira naye ntchito yoyendetsa mabasi. Nyambo yake si nyongolotsi, koma nthenga zomangidwa pa mbedza, ndipo chingwe umachivinitsa m'mwamba usanachigoneke pamadzi. Mwenya anawauzanso kuti miyezi ino nsomba za smallmouth bass zimakhala zikukonzekera kuswana, ndiye ukagwira umabweza, lamulo limatero. A Mikidadi anaseka tsiku loyambalo, ati munthu wamkulu angagwire ndiwo n'kuitaya bwanji? Komabe kwa zaka zinayi sanaphwanyepo lamulolo.

Madzi akazizira nsombazi zimakhala pansi, kuseri kwa miyala, ndipo zimadya mwaulesi. A Mikidadi anaponya chingwe mpaka dzuwa kufika pamutu, zala zitachita dzanzi. Kenako chingwe chinalemera. Inali nsomba yaikulu, yofiirira, ya mimba yodzaza. Anaigwira kukamwa, naiyang'ana nthawi yaitali. Kumtunda kunalibe munthu, kumunsinso ayi. Anaimenya ndi mwala kamodzi, naikulunga m'jekete.

Kunyumba, poitumbula, anapeza mazira odzaza dzanja. Anaima kaye, mpeni uli m'manja, kenako anapitiriza. Anaiphika monga ankaphikira kwawo ku Mangochi, tomato ndi mchere pang'ono, mafuta ayi.

Mayi Nasrin anadzuka movutikira n'kutsamira pilo. Ananunkhiza mbaleyo, nkhope n'kuwala pang'ono. Supuni yoyamba anaisunga m'kamwa, akuyesetsa, maso atatseka. Kenako anakodola kuti awapatse beseni.

Atapukuta pakamwa anagwira dzanja la amuna awo, lomwe linali lisanafundebe.

"Bambo a Rahima, mwazizidwa chifukwa cha ine," anatero. "Mwaphika bwino, ndamva fungo lake. Koma sukulowa. Musandikwiyire."

A Mikidadi anati palibe kanthu, ayesanso madzulo, mwina msuzi ukazizira. Mayiwo anagwedeza mutu kukana, natembenukira kukhoma.

A Mikidadi anabwerera nayo mbaleyo kukhitchini. Kuitaya sakanatha. Anadya ataimirira pasinki, pang'onopang'ono, akuchotsa minga, mpope wa madzi atautsegula kuti kuchipinda asamve.