Mayi Ake a Eugene

Ntchito ndinaipeza mu Marichi, ku kampani ina ya ku Derby, kuno kwa azungu, yokonza zipangizo za boma. Koma anati sindiponda ngakhale pageti mpaka boma litandifufuza n'kukhutira kuti ndingasunge chinsinsi. Fomu yake inali mtunda: makolo, abale a mimba imodzi, maiko amene ndinapitako. Pa abale ndinalemba kuti palibe, poti kwa amayi anga ndine ndekha.

Mu Meyi wofufuza wina, mayi Afsana, anandiimbira pa kompyuta. Tinacheza bwinobwino m'Chingerezi mpaka ndinadzikola ndekha. Atafunsa kumene ndimafikira ndikapita ku Zambia, ndinati kwa mlongo wanga Eugene, msilikali wa ku Chipata.

"Pafomu munalemba kuti mulibe mlongo," anatero.

"Ndilibe."

"Nanga Eugene?"

"Ndi mlongo wanga."

Ndinafotokoza kuti ndi mwana wa amayi aakulu, akulu awo a amayi anga. Anafunsa ngati ndili ndi amayi awiri. Ndinati atatu, koma mmodzi anamwalira. Mayiyo analemba kanthawi ndithu, ine thukuta lili kamukamu.

Kenako anati basi, Eugene ndi msuweni. Zinandiwawa. Kwathu msuweni ndi mwana wa amalume, munthu wonyogodolana naye, mwinanso wokwatirana naye. Eugene anandibereka kumbuyo ndili khanda. Komabe mayiyo anati akakhala msuweni nkhani ndi yaifupi, akakhala mlongo weniweni, chonsecho ali msilikali wa dziko lina, mafunso ayambiranso. Kampani inali itanena kuti indidikira mpaka kumapeto kwa Juni. Ndinavomera kuti ndi msuweni. Anandiuza kuti pofika Lachisanu nditumize tsiku lobadwa la Eugene ndi mayina a makolo ake.

Mawa lake ndinakwera basi kupita ku Beaumont Leys, kumene amakhala amayi. Amayi ndinawapeza akusita yunifomu ya kuntchito kwawo kosamalira okalamba.

"Mami, Eugene anabadwa liti?"

Anatchula tsiku, mwezi, chaka, mpaka ola, osaganizira n'komwe. Ndinaseka, poti tsiku langa lobadwa amachita kukumbutsidwa.

"Nanga dzina lonse la amayi aakulu? Akufuna ndikonfeme kuti ndi mwana wawo."

"Akufuna ndani?"

"Aboma. Ndikanama, akadzatulukira, andifaya."

Anaimika simbi n'kuzimitsa magetsi ake. Anapinda yunifomuyo kawiri, n'kuifunyululanso.

"Monica, iwe umati n'chifukwa chiyani ndimamuimbira Sande iliyonse?"

"Si mwana wa akulu anu?"

"Ndinali Giredi 9. Agogo ako anati sukulu isafe. Akulu anga anali pabanja, anamutenga ali ndi miyezi itatu."

Mutu unaima. Ndinafunsa mafunso opusa: ngati adadi ankadziwa, ngati pali pepala lililonse, ngati tsono ndilembe chiyani. Ndinakwiya, koma sindinadziwe wokwiyira. Moyo wanga wonse ndimati mlongo wanga poyesa ndikutsata mwambo, osadziwa kuti ndikunena zoona ngakhale m'Chingerezi.

"Eugene akudziwa?"

"Sadziwa. Zaka fote palibe anandifunsapo. Lero andifunse a fomu?" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Lemba chimene chikupatse ntchito, mwanawe. Ine ndinazolowera kukhala amayi aang'ono."

Masiku awiri ndinangoyang'ana bokosi la pafomu lolembamo dzina la mayi ake a Eugene. Lachisanu masana ndinalembamo dzina la amayi anga, n'kutumiza. Mayi Afsana anayankha mwaulemu kuti zikomo, faelo yanga iyambiranso, sangalonjeze za Juni.

Lamlungu Eugene anaimba foni, amayi ali pambali panga.

"Sisi, za ntchito zili pati? Azungu akuchedwetsa chani?"

"Pali dzina limodzi akuchekinga," ndinatero.

"La ndani?"

Amayi anatambasula dzanja kuti ndiwapatse foniyo.